Mwaima pati poona zimenezo?

Tinasonkhana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya anyakwawa, m'mudzi wina wa m'boma la Ntcheu. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo chimene chinatisonkhanitsa chinali mjigo. Bungwe lina linapeza ndalama zokumbira mjigo umodzi wokha, tsono funso linali lakuti ukumbidwe pati. Ine anandiitana kuti ndikamasulire, chifukwa mkulu amene ankatsogolera zokambiranazo anali mlendo wochokera kunja, yemwe Chichewa chake chinkathera pa moni ndi zikomo.

Abambo anakhala pa mabenchi ndi pa njerwa, amayi anayala mphasa chapatali pang'ono. Monga mwa nthawi zonse anayamba ndi abambo, ndipo sanavutane. Anagwirizana kuti mjigo ukhale m'mbali mwa msewu, pafupi ndi bwalo la mpira, poti galimoto yokumba idzafika mosavuta, komanso odutsa adzaona kuti mudziwu nawo ukutukuka. Mfundo zawo zinali zomveka. Mlendo uja analemba m'kope mwake, kenako anatembenukira kumphasa kuja n'kunena kuti, "Now I would like to hear the women's perspective."

Ine sindinachedwe. "Tsopano akufuna amve maganizo a amayi."

Kunangoti zii. Patapita kanthawi, mayi wina wachikulire anakonza duku lake, n'kuyankhula maso ali pa ine, osati pa mlendoyo. "Mwana wanga, muwauze kuti maganizo anena kale abambowa. Ife tilibe maganizo, tili ndi mtunda. Wofuna kudziwa pokumba mjigo abwere mawa mbandakucha, adzasenze chigubu kuchokera kudambo mpaka kumtunda kwa manda uko. Akatero aona yekha."

Ndinamasulira mmene ananenera, ena anaseka pang'ono, msonkhano n'kupitirira. Koma ine ndinatsalira pa mawu ajawa. Usiku umenewo, ku nyumba ya alendo kumene tinagona, tulo sitinabwere msanga. Liwu lakuti perspective ndinali nditalimasulira kuti "maganizo" kosawerengeka, m'misonkhano ndi m'zikalata, ndipo palibe anandidzudzulapo. Mayi aja sankamva Chingerezi. Liwu limene anakana linali langa, osati la mlendoyo. Ndipo ndikamaganizira lero, ndimaona kuti yankho lawo linali pafupi ndi tanthauzo lenileni la liwu lachingerezilo kuposa mmene ndinamasulirira ine.

Ndisanayambe ntchito yomasulira ndinaphunzitsapo Chingerezi ku sekondale, Fomu 3 ndi Fomu 4. Pochonga zimangirizo, cholakwika chimodzi chinkabwera chaka ndi chaka: mwana walemba kuti "in my perspective". Ndinkadula "in" ndi cholembera chofiira n'kulemba "from" pamwamba pake. Ndinkawauza kuti aloweze pamtima, opinion (maganizo) amayenda ndi "in", perspective amayenda ndi "from". Anawo ankaloweza, ambiri n'kukhoza mayeso. Chifukwa chake sindinawauzepo, ndipo zimenezo zimandidandaulitsa mpaka lero, poti chifukwacho chinali m'kamwa mwathu momwemu, m'Chichewa chimene tinkayankhula tikangotuluka m'kalasi.

Ife tili ndi timawu titatu tosonyeza malo, mu, ku ndi pa, ndipo sitisokoneza ngakhale tili kutulo. Munthu akati "m'maganizo mwanga", akunena za chinthu chimene chili m'kati, ngati ufa uli m'thumba. Mnzake sangachione pokhapokha mwiniwake achitulutse, ndipo akachitulutsa, womvayo ali ndi ufulu wochilandira kapena kuchikana. Ameneyo ndiye opinion. Koma munthu akati "kumbali yanga", kapena "poonera pano", watchula malo. Malo amakhala panja. Mnzake akhoza kunyamuka, kuyenda, n'kudzaimapo. Mngerezi akamati "from my perspective" akunena kuti, kuchokera pamene ndaima inepa, chinthuchi chikuoneka chonchi. Kaliwu kakuti "from" kameneko ndi chala cholozera pansi pa mapazi a woyankhulayo. Mayi a ku Ntcheu aja anachita zomwezo. Anakana kutulutsa za m'mutu, n'kuloza njira ya kudambo.

Ukafuna kutchula chinthu chimene ukuchiyang'anacho, liwuli limatenga "on", monga "a perspective on marriage", ngati diso limene latera pa chinthu. Limatha kuchulukitsidwa, perspectives, chifukwa malo oimapo ndi ambiri. Ndipo potchula, mphamvu imagwera pa phatikizo lapakati, pa "spek", osati loyamba.

Nditayamba kufufuza kumene liwuli linachokera, ndinapeza kuti mbiri yake yonse ndi ya diso. Linachokera ku Chilatini. "Per" ndi kupyola, "specere" ndi kuyang'ana, choncho "perspicere" ndiko kuyang'ana mopyoza, kuona chinthu bwinobwino. Muzu womwewo uli mu inspect, respect, suspect ndi aspect, ngakhalenso mu spectacles, magalasi a maso. Pamene linkalowa m'Chingerezi, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300, silinkakhudzana n'komwe ndi zimene munthu akuganiza pa nkhani. Linali dzina la phunziro, sayansi ya kuwala ndi kapenyedwe ka maso.

Phunziro limeneli linafika ku Ulaya makamaka kudzera mwa katswiri wachiarabu, Ibn al-Haytham, amene anabadwira ku Basra cha m'ma 965 n'kukagwira ntchito yake yaikulu ku Cairo. Pakati pa 1011 ndi 1021 analemba buku la kapenyedwe lotchedwa Kitab al-Manazir. Masiku amenewo ophunzira ambiri, potsatira akatswiri akalekale, Euclid ndi Ptolemy, ankakhulupirira kuti diso limatulutsa cheza chimene chimapita kukakhudza chinthu, ngati mmene tochi imachitira usiku. Iye anatsutsa zimenezo, ndipo sanatsutse ndi pakamwa pokha, ankayesa. Anaonetsa kuti kuwala kumachoka pa chinthu, kuyenda mowongoka, n'kulowa m'diso. Bukulo litamasuliridwa m'Chilatini linadziwika ndi mayina akuti De aspectibus ndi Perspectiva, ndipo anthu ngati Roger Bacon wa ku England anaphunzira zambiri m'menemo. Panali nthawi imene Angerezi ankatchula ngakhale chipangizo choonera zakutali kuti "perspective glass".

Taganizani chimene chikutuluka pamenepa. Ngati kuwala kumayenda mowongoka kuchoka pa chinthu kufika m'diso, ndiye kuti chimene ukuona chikudalira zinthu ziwiri, kumene kuli chinthucho ndi pamene pali diso lako. Zonse ziwiri ndi zoti munthu atha kuyeza ndi chingwe. Ukasuntha mapazi atatu, chithunzi chasintha, pamene chinthucho chili chikhalire ndipo mtima wako uli momwe unalili. Kukonda kapena kudana nacho sikunalowepo.

Munthu amene anachita kuzionetsa zimenezi ndi manja anali mmisiri wa ku Florence, ku Italy, dzina lake Filippo Brunelleschi, yemwe pambuyo pake anamanga denga lalikulu lozungulira la tchalitchi chachikulu cha mumzindawo. Moyang'anizana ndi tchalitchicho pali nyumba yobatiziramo ya mbali zisanu ndi zitatu. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400, Brunelleschi anaima pakhomo lapakati la tchalitchi, kulowa m'kati pang'ono, n'kujambula nyumba yobatiziramoyo pa kathabwa kakang'ono, ndendende mmene inkaonekera iye ali pamenepo. Pamalo pa thambo sanapakepo utoto. Anaikapo siliva wopukutidwa bwino, kuti mitambo yeniyeni izioneka ikuyenda m'chojambulamo. Atatero anaboola kabowo pa thabwalo. Wofuna kuona ankagwira thabwalo chojambula chitayang'ana kutsogolo, diso lake pa kabowo kuseri, dzanja lina litagwira kalilole patsogolo pake. M'kalilolemo ankaona chojambula chija. Akachotsa kalilole, ankaona nyumba yeniyeni kudzera pa kabowo komweko. Ziwirizi zinkagwirizana, khoma pa khoma, khomo pa khomo.

Kathabwako kanatayika kalekale, timangokadziwa kudzera mwa amene analemba mbiri ya moyo wake. Koma kabowo kaja sikachoka m'mutu mwanga. Chojambulacho chinkanena zoona pamalo amodzi okha, pakhomo paja. Ukaima pena, sichikugwirizananso ndi nyumbayo. Ndipo mmisiriyo sanabise zimenezo. Ankakutenga n'kukuimika pamene anaima iye, n'kukupatsa kalilole m'manja kuti uyese wekha ngati akukunamiza. Mu 1435 munthu wina wophunzira kwambiri, Leon Battista Alberti, analemba malamulo a kajambulidwe kameneka, n'kuyerekeza chojambula ndi zenera lotsegula limene munthu amasuzumiramo. Kuyambira nthawi imeneyo liwu lija linasenza tanthauzo lachiwiri, luso lojambula pa pepala lathyathyathya kuti zinthu zioneke zakuya, zapafupi zikule, zakutali zichepe.

Amene anaimapo pakati pa njanji ku Balaka kapena ku Limbe n'kuyang'ana kutali akudziwa zimene ndikunena. Zitsulo ziwirizo zimaoneka ngati zikukakumana kutsogolo, pamene mpata wa pakati pake ndi womwewo ulendo wonse, apo ayi sitima ikanagwa. Malo okumanirawo ojambula amawatcha "vanishing point". Diso silikukunamiza. Likukuuza zoona za mmene njanji imaonekera kwa munthu amene waima pamene waima iwepo. Ukayenda kupita kumene zakumanako, upeza zatalikirananso, ndipo malo okumanira asamukira patsogolo.

Tanthauzo limene lafala lero, la mmene munthu akuonera nkhani, linabwera pambuyo pa onsewa, ngati fanizo lobwereka kwa ojambula. Fanizolo linayenda mtunda wautali, linalowa m'manyuzipepala, m'mayunivesite ndi m'misonkhano ya mabungwe, koma kabowo ka Brunelleschi likadali nako.

Pali kagwiritsidwe kena kamene kamasokoneza omasulira kuposa konse. Mudzamva "put it into perspective", "keep things in perspective", "he has lost perspective". Apa liwuli silikunenanso za mbali ya munthu mmodzi. Likunena za kupatsa chinthu chilichonse kukula kwake koyenera pochiika pambali pa zinzake, ngati mmene wojambula amachitira. M'Chichewa ndimati kuona chinthu pa msinkhu wake, osachikuza, osachichepetsa. Chala ukachiika pafupi ndi diso chimabisa phiri lonse la Mulanje, pamene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002. Munthu amene akuti wataya perspective ndi amene chala chamubisira phiri. Ngongole ya katapila, mawu amodzi a apongozi, mayeso amodzi amene sanakhoze, chadzaza diso lonse moti sakuonanso ana, munda, kapena chaka chamawa.

Oyankhula Chingerezi akafuna kupereka chitsanzo cha zimenezi amakonda kutchula chithunzi china chotchuka. Pa 14 Febuluwale 1990, chombo cha m'mlengalenga cha Voyager 1, chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 6 biliyoni, chinatembenuza kamera n'kujambula dziko lathuli. Dziko lonse, ndi nyanja zake, malire ake ndi nkhondo zake, linaoneka ngati kadontho kotuwira kochepetsetsa, koti munthu sangakaone asanachite kulozeredwa.

Chithunzicho n'chokhudza mtima, komabe mawuwa ine ndimawaopa. Kutalika kumachepetsa chilichonse, n'chifukwa chake wofulumira kunena kuti "put it into perspective" kawirikawiri amakhala amene waima patali. Namondwe wa Freddy atadutsa m'chigawo chakumwera mu Malichi 2023, ndinamva munthu wophunzira bwino akuuza mnzake amene nyumba yake inagwa kuti asadandaule kwambiri, aone vuto lake pa msinkhu wake, poti ena anataya miyoyo. Sanali kunama. Koma wouzidwayo anali atagona usiku umenewo m'kalasi ya pasukulu, pa simenti, ana ake atafunda chitenje chimodzi. Kwa iye khoma logwalo silinali kadontho. Kwathu kuno sitiuza namfedwa kuti anthu amamwalira tsiku ndi tsiku. Timapita, kukhala naye pansi, n'kumugwira dzanja. Mawu oti chinthu chione pa msinkhu wake amachiza munthu akadziuza yekha nthawi itakwana, kapena akawamva kwa amene wakhala naye pa mphasa yomweyo. Ochokera kwa munthu amene waima pa msewu amangowonjezera bala.

Liwuli lili ndi abale ake, ndipo onse amatchula malo. "Point of view" anabwereka ku Chifalansa, "point de vue". "Standpoint" anatengera ku Chijeremani, "Standpunkt", malo oimapo. "Angle" ndi ngodya imene ukuyang'anira, ndipo atolankhani amalikonda kwambiri. "Viewpoint" ndiye mpaka lero amatanthauzanso malo enieni oonerapo dziko. Amene anakwerapo phiri la Zomba amadziwa Emperor's View, pamene panatchedwa choncho pokumbukira ulendo wa mfumu Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1965, ndi Queen's View chapafupi pake. Ukaima pamenepo mzinda wa Zomba uli pansi pa mapazi ako, ndipo kukakhala kopanda nkhungu Mulanje amaonekera patali. Palibe amatsika phirilo n'kunena kuti ndaona maganizo a mfumu ya ku Ethiopia. Waona zimene mfumuyo inaona, chifukwa waima pamene inaima.

Ophunzira mabuku a nkhani ku sekondale amakumana ndi "point of view" ngati funso la mayeso: akufotokoza nkhaniyi ndani, ndi "ine" amene ali m'kati mwa zochitika, kapena wina wapambali amene akungoti "iye"? Funsoli si laling'ono. Nthano zathu za Kalulu ndi Fisi timazimva titaima pambali pa Kalulu, n'chifukwa chake timaseka. Fisi atapatsidwa mpata wofotokoza yekha, zochitika zikanakhala zomwezo, koma pamoto paja pakanakhala chete. Achinyamata nawo alitenga liwuli n'kulifupikitsa kuti POV. Mwana wa achemwali anga anandionetsa kanema wina pa TikTok, pamwamba atalemba kuti "POV: wafika pakhomo mochedwa". Mtsikana anavala chitenje ndi duku ngati amayi ake, ataima pakhomo, mthiko m'manja, akuyang'ana molunjika mu kamera osaphethira. Ndinamva msana kuzizira ngati ndine ndachedwa. Opanga mafilimu amatanthauza zomwezo akamati POV, kuti kamera yaikidwa pamalo pa maso a munthu wa m'nkhaniyo. Ena pa TikTok amangolemba zilembozo pa kanema aliyense, koma mtsikana ameneyu analigwira bwino liwuli. Sanandiuze zimene mwana wochedwa amaganiza, anandiimika pakhomopo.

Pali liwu lina limene limangofanana nalo kamvekedwe, prospective, ndipo ambiri amawasinthanitsa, ngakhale eni chiyankhulo. "Pro" ndi kutsogolo. Zilengezo za makoleji zikamati "prospective students" zikunena oyembekezera kudzakhala ophunzira, monganso "prospective buyer" ali munthu amene mwina agula. Limeneli ndi mfotokozi, pamene perspective ndi dzina. Muzu wa diso ndi umodzi, koma wina akuyang'ana za mawa, wina akunena pamene waima lero.

Chimene chinandikakamiza kulemba nkhaniyi, komabe, si zolakwika za galamala. Ndi mmene liwuli tikuligwiritsira ntchito tikamakangana. Lowani m'gulu lililonse la WhatsApp, kaya la kumpingo, la anzanu a kusukulu, kapena la pabanja. Mkangano ukafika potentha, wina amalemba kuti, "Basi tisiye, aliyense ali ndi perspective yake." Pa Facebook ndiye kumakhala "that's your perspective", kutanthauza kuti zako ndi zako, zanga ndi zanga, usandivutitse. Liwu lasanduka chitseko chotsekera nkhani. Zimandipweteka chifukwa kumeneko n'kulizondotsa. Munthu akati uyu ndi perspective wanga, wavomera zinthu ziwiri. Wavomera kuti pali chinthu chenicheni chimene tonse tikuyang'ana, ndiponso wavomera kuti iye akuona mbali imodzi yokha. Funso lotsatira liyenera kukhala lakuti, waima pati, ndibwere ndidzaone? Ndipo naye ayenera kukhala wokonzeka kubwera pamene ndaima ine.

Ku National Gallery, nyumba yosungiramo zojambula mumzinda wa London, kuli chojambula cha Hans Holbein cha mu 1533. Chikuonetsa amuna awiri ovala zamtengo wapatali ataima pambali pa tebulo lodzaza mabuku ndi zipangizo. Pansi, pakati pawo, pali chinthu chotuwa chotalika chopingasa, ngati wojambulayo anataya utoto mwangozi. Ukachoka kutsogolo n'kupita kumbali ya kumanja, pafupi ndi khoma, n'kuyang'ana chopendekera, chinthu chija chimadzisonkhanitsa n'kukhala chigaza cha munthu, maenje a maso ndi mano omwe. Mukhoza kuyesa pa foni, chipezeni pa intaneti n'kupendeketsa foniyo pang'onopang'ono. Tsono amene waima kutsogolo akati ndikuona banga, sakunama. Koma akauzidwa kuti pali chigaza, iye n'kuyankha kuti amenewo ndi maganizo ako, ndiye walakwa, chifukwa chigazacho chilipo ndipo chomwe chikumulekanitsa nacho ndi mapazi ochepa amene wakana kuyenda.

Nthawi nayo ndi malo oimapo, n'chifukwa chake pali mawu akuti "historical perspective". Pa 23 Januwale 1915 anthu a John Chilembwe anaukira, ndipo pa 3 Febuluwale iye anaphedwa. Kwa boma la atsamunda anali chigawenga, moti tchalitchi chake ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, anachigwetsa. Lero nkhope yake ili pa ndalama za K500 ndi K2,000, ndipo pa 15 Januwale dziko lonse limapuma pomukumbukira. Zimene zinachitika sizinasinthe. Thangata linalipo ndithu, ndipo azungu amene anaphedwa ku Magomero usiku umenewo anaphedwadi. Mwini esiteti ali pakhonde ndi munthu wa thangata ali mumzere ndi khasu ankayang'ana munda umodzi womwewo. Kunena kuti aliyense anali ndi kaonedwe kake sikufafaniza mundawo, kapena kufananitsa amene ankalipidwa ndi amene ankalima ulere. Kumatituma kuti tikaime pakhonde, tikaimenso mumzere, kenako tiweruze tili ndi zonse ziwiri m'maso.

Makolo athu ankazidziwa zimenezi asanamve liwu lachilatini. Pamene Angerezi amati "a fresh perspective", ife tinati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Sikuti mlendo ndi wanzeru kuposa eni mudzi. Wangolowera njira ina, choncho akuona kumbuyo kwa nyumba kumene eni ake anasiya kuyang'anako.

Masiku ano ndikakumana ndi liwuli pa ntchito, ndimayamba ndadzifunsa kuti wolembayo akutanthauza za m'mutu kapena za malo. Nthawi zina amangofuna opinion koma wasankha liwu looneka lophunzira, ndipo pamenepo "maganizo" amakwana. Koma zikalata za mabungwe zikamati "from a gender perspective" kapena "a youth perspective", ndimalemba kuti "poonera kumbali ya amayi ndi abambo", kapena "mmene nkhaniyi ikuonekera kwa achinyamata". Mawu amatalika, ndipo ena amadandaula kuti tsamba ladzaza. Ndimalimbikira chifukwa ndaona zimene liwu lakuti maganizo limachita pa msonkhano. Maganizo amalembedwa pa pepala lalikulu lija la pakhoma, wapampando amati tamva maganizo anu, tikawaganizira, aliyense n'kulandira botolo la chakumwa n'kumapita. Munthu akakuuza kumene waima, sungamuyankhe kuti tamva. Uyenera kupita.

M'mawa mwake ku Ntcheu kuja tinapitadi. Mlendo uja, tili m'galimoto madzulo, anandifunsa kuti ndibwereze liwu ndi liwu zimene mayi aja ananena, ndipo nditabwereza anati tidzuke usiku. Tinafika kudambo kukadali chisisira, tinapeza amayi ali kale pa mzere pa chitsime, akutunga ndi kambale pang'onopang'ono kuti madzi asavunduke. Anyakwawa nawo anabwera, pamodzi ndi abambo awiri a komiti. Mayi aja anadzaza chigubu cha malita 20, anapota nkhata ya chitenje chakale, n'kupatsa mlendoyo. Madzi a malita 20 amalemera makilogalamu 20. Iye anayesa pamutu, chinakana, ndiye anachinyamula m'manja, akusintha dzanja pakapita mapazi angapo. Ine anandipatsa ndowa.

Njirayo inadutsa m'minda yosalimidwa, inawoloka kakhwawa kouma, n'kuyamba kukwera pambali pa nkhalango ya manda. Panalibe woyankhula. Mmodzi wa abambo aja anati mwakachetechete kwa anyakwawa kuti galimoto yokumba singadutse pakhwawapo pokhapokha anthu atathira miyala, ndipo anyakwawa anati miyala ilipo yambiri m'phirimu. Titafika pamwamba pa chitunda, dzuwa likungotuluka, mayi aja anaima pa mwala wina n'kukodola mlendoyo ndi dzanja.

"Muwauze aime apa," anatero kwa ine. "Apa penipeni."

Mlendoyo anatula chigubu, malaya atanyowa ndi thukuta ndi madzi otayikira, n'kukwera pamwalapo. Kutsidya kwa chitundacho kunali madenga ambirimbiri, a udzu ndi a malata, utsi ukufuka m'makhitchini, mbali yonse ya mudzi imene munthu ali pamsewu sangaione. Titacheuka, bwalo la mpira linali kutali kumunsi, laling'ono ngati mphasa yoyanikapo ufa.

"Mwaona?" anafunsa mayi aja. Limenelo sindinamasulire, mlendoyo anali atatulutsa kale kope lake.